Filimu imapanga bwanji ndalama, nanga masheya a makampani ake ndi oti ife nkugula?

Nkhani ya masheya yafika mpaka kuno kwathu tsopano, siikutheranso ku Blantyre ndi ku Lilongwe ngati kale. Mukakhala pa Ntcheu boma kapena pa Dedza madzulo mumva achinyamata akukambirana za Airtel, za FDH, zoti amene anagula a FDH pa K10 mu 2020 pano akusimba lokoma, nde mkati mwa macheza amenewa mumatuluka funso loti bwanji osangogula masheya a Netflix kapena a Disney poti mafilimu aliyense amaonera, ndiye kuti ndalama kumeneko zikuchita kusefukira. Funsoli ndi labwino ndipo sindikufuna wina alinyoze, koma likudumpha zinthu ziwiri zikuluzikulu. Filimu kuoneredwa ndi anthu ambiri sindiye kuti amene anaipanga wapeza phindu, komanso kampani kupeza phindu sindiye kuti inu a masheya khumi mudya nawo. Nde tiyeni tiilondole ndalamayo kuchokera m'thumba la woonera mpaka komwe imakathera.

Tiyambe ndi tikiti ya ku sinema. Mukamva pa intaneti kuti filimu yakuti yapanga madola 500 miliyoni, imeneyo ndi ndalama yonse imene anthu alipira pakhomo m'masinema a dziko lonse lapansi, isanagawidwe. Eni masinema amatengapo pafupifupi theka, ku America kucheperako pang'ono, mayiko ena kupitirirapo, ndipo ku China kampani yakunja imangotsala ndi 25 peresenti kapena pamenepo. Ndiye tiyerekeze kuti filimuyo anaijambula ndi madola 200 miliyoni, kuitsatsa pa TV, pa zikwangwani, pa YouTube, kuyendetsa ochita sewero m'mayiko kukaonekera kwa atolankhani, zimenezi pa filimu yaikulu zimadya 100 miliyoni ina kapena kuposa, ndipo ndalama yotsatsirayi siiwerengedwa mu bajeti imene amalengeza ija. Zowononga 300, zobwerera kwa kampani 250. Filimu imene nyuzi zonse zikuti yagunda theka la biliyoni ikadali ndi ngongole ya 50 miliyoni. Nchifukwa chake anthu odziwa bizinesi imeneyi amakonda kunena kuti filimu yaikulu imayenera kupanga kawiri ndi theka ka bajeti yake kapena kuposa kuti ingobweza mpamba basi.

Kwa ife a kuno zimenezi sizovuta kumva. Thumba la kachewere lochokera ku Tsangano likagulitsidwa mu Limbe mtengo wake umamveka wokoma, koma wa lole wadyapo, opakira ndi otsitsa adyapo, chiphaso cha msika, venda wa pa Lizulu watengapo yake, ndipo imene ifike kwa mlimi iyenera kubweza kaye feteleza, mbewu ndi mankhwala opopera asanayambe kunena za phindu. Mtengo wa mu Limbe ndi umene umalembedwa m'nyuzi, koma wogula masheya amakhala mbali ya mlimi.

Nawonso eni masinema musaganize kuti theka lawo lija limawalemeretsa. Lendi ya nyumba zikuluzikulu zija, magetsi, antchito, makina oonetsera, zonse zimachoka momwemo. Phindu lawo lenileni amalipeza pa mbuliwuli ndi zakumwa zimene amagulitsa pakhomo pa mtengo wokwera kwambiri, chifukwa pamenepo sagawana ndi kampani ya filimu olo tambala.

Chimene chimapulumutsa makampani ndi choti filimu siigulitsidwa kamodzi. Ikachoka ku sinema amaigulitsa kwa ofuna kuonera kunyumba polipira filimu imodziyo, kenako kwa ma TV olipira ngati M-Net ya pa DStv, kenako Netflix ndi anzake, kenako ma TV aulere, ndege, mahotela, dziko lililonse mgwirizano wakewake, ndipo filimu yabwino imatha kumabweretsa kangachepe zaka makumi angapo. Kale filimu inkakhala ku sinema kokha masiku 90 isanapite kwina, koma Covid inasokoneza zimenezi, mu 2020 kampani ya Universal inagwirizana ndi masinema a AMC kuti masiku 17 okha akwana, ndipo pano ambiri akuyendera masiku 45 kapena pafupi ndi pamenepo. Chinanso chimene chinawapweteka ndi kufa kwa msika wa ma DVD, chifukwa kale filimu yolephera ku sinema inkatha kudzabwezera pa ma DVD, pano njira imeneyo inatsekeka.

Palinso ndalama zimene sizichokera mu kuonera nkomwe, zidole, malaya, zikwama za ana asukulu, magemu. George Lucas popanga Star Wars ya 1977 anasunga ufulu wa zinthu zimenezi komanso wa mafilimu otsatira, nthawi imeneyo akuluakulu a kampani ankaona ngati nzopanda pake, koma ndi zimene zinamulemeretsa, mpaka mu 2012 Disney inagula kampani yake ndi madola pafupifupi 4 biliyoni. Anthu ovala majuzi a zithunzi za mafilimu amene timawaona pa kaunjika aja, kumene anachokera kuja wina analipira laisensi kuti chithunzicho chikhale pamenepo.

Tsopano pali kanthu kena kamene ndikufuna mukamvetse bwino chifukwa kadzakuthandizani ngakhale pa zochitika za konkuno. Makampani a ku Hollywood ali ndi kawerengedwe kawo ka ndalama koti filimu imatha kupanga ndalama zankhaninkhani koma pa pepala nkumaoneka kuti yaluza. Amachita chonchi: filimu iliyonse amaitsegulira kakampani kakekake, kenako kampani yaikulu ija imalipiritsa kakampaniko ndalama yogawira filimu m'masinema, mwina 30 peresenti ya zolowa, imalipiritsanso chiwongola dzanja pa ndalama imene inabwereketsa, ndi zina za muofesi, ndiye ndalama ikungochoka thumba lakumanja kupita lakumanzere kwa munthu yemweyo. Chikalata china chimene chinatuluka poyera mu 2010 chinaonetsa kuti filimu ya Harry Potter ya 2007, imene inapanga madola oposa 900 miliyoni m'masinema, pa pepala inali italuza 167 miliyoni. Amene amapwetekeka ndi olemba ndi ochita sewero amene analonjezedwa gawo la phindu lotsala, chifukwa lotsalalo silipezeka. Akatswiri otchuka amene ali ndi mphamvu pokambirana amakana zimenezo, amati ine mundipatse gawo langa pa ndalama yolowa musanachotse kalikonse.

Netflix ndiye inabwera ndi kachitidwe kena. Inayamba mu 1997 ngati kampani yotumiza ma DVD pa positi, mu 2007 nkuyamba kuonetsa pa intaneti, ndipo mu January 2016 inatsegula m'mayiko ambiri nthawi imodzi kuphatikizapo Malawi. Iyo siigulitsa tikiti ya filimu imodzi, imatolera ndalama ya pamwezi kwa olembetsa, amene pofika kumapeto kwa 2024 anapitirira 300 miliyoni, ndipo chaka chimenecho inatolera madola pafupifupi 39 biliyoni nkumawononga cha m'ma 17 biliyoni pa mafilimu ndi masewero. Ikafuna filimu nthawi zambiri imagula kamodzi nkulipira mtengo umene mwagwirizana, basi kwatha. Filimu ya nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu ija, imene Chiwetel Ejiofor anajambula konkuno, inapangidwa ndi ndalama za makampani akunja ndipo Netflix inagula ufulu wake mu 2018 nkuionetsa mu 2019. Kaya muionere kamodzi kaya kakhumi, Netflix ndalama yake ndi ya pamwezi yomwe ija, ntchito ya filimuyo ndi kukugwirani kuti mwezi wamawa musasiye kulipira. Kwa wopanga filimu ubwino wake ndi woti saluza, walandiriratu, koma filimu ikatchuka kwambiri sapezanso zowonjezera ngati kale, ndipo imeneyi inali imodzi mwa nkhani zimene zinachititsa kuti olemba ndi ochita sewero ku America anyanyale ntchito miyezi ingapo mu 2023.

Nanga kuno kwathu ndalama ya filimu imayenda bwanji? Ku Dedza ndi ku Ntcheu sinema yeniyeni kulibe, koma anthu amaonera mafilimu tsiku ndi tsiku. Pitani pa msika wina uliwonse, kaya pa Chimbiya, pa Kampepuza kapena pa Bembeke, mupeza vidiyo sho, kachipinda ka mdima kokhala ndi mabenchi a matabwa, nsalu pakhomo, sipika yaikulu atayiika panja kuti mfuti ndi zibakera zizimveka mpaka ku msewu, bolodi lolembedwa ndi choko kuti ikatha iyi kubwera iti, mnyamata pakhomo akutolera ndalama m'kachitini ndipo mkatimo liwu la DJ womasulira likulankhula Chichewa m'malo mwa Mtchaina. Pafupi pomwepo pali wobena ndi laputopu yake, mumupatsa memori khadi kapena fulashi, amakuthirirani mafilimu khumi mukuyembekezera. Ndalama pamenepa ikuyenda ndithu, mwini vidiyo sho wapeza ya lendi ndi ya petulo wa jenereta magetsi akazima, wobena wapeza ya ndiwo, womasulira wapeza yake, wogulitsa mabandulo wapeza, koma amene anajambula filimuyo, kaya ali ku Lagos kaya ku Ndirande, palibe chimene chamufika. Sindikunena izi kuti ndinyoze anyamatawa, ntchito zikusowa ndipo akudyetsa mabanja, koma tikamafunsa kuti bwanji mafilimu achimalawi satuluka ambiri, yankho lina lili pa laputopu imeneyo.

Nde opanga mafilimu athu amadalira tsiku lokhazikitsa filimu mu holo momwe anthu amagula matikiti, makampani othandiza amene amafuna dzina lawo lioneke, mabungwe amene amalipira filimu ya uthenga wawo, kangachepe ka ku TV, ndi YouTube. Ku YouTube mwini kanema amalandira 55 peresenti ya ndalama za otsatsa malonda, koma otsatsawo amalipira potengera dziko limene woonera ali, woonera wa ku Ntcheu amabweretsa zochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ku London, nde mutha kukhala ndi anthu ambirimbiri okuonerani koma ndalama yake osakwanira kugula ngakhale kamera. A Shemu Joyah mafilimu awo apata mphoto mpaka kunja, zimene zikusonyeza kuti luso lilipo, chikusowa ndi njira yoti woonera alipire ndalama ifike kwa mwini. COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni luso limene linakhazikitsidwa mu 1992, imayesetsa kuwatolerera ndalama, ndipo lamulo la zaumwini wa luso la 2016 linabweretsa kamsonkho ka pa zipangizo zosungiramo nyimbo ndi mafilimu kuti eni luso azipezako kanthu, ndi chiyambi chabwino koma munthu sungamangire filimu yonse pa chimenechi. Anzathu a ku Nigeria anayamba cha m'ma 1992 ndi matepi a vidiyo, amene ankaika ndalama anali mavenda a m'misika omwewo ogulitsa matepi, kenako anamanga masinema, koma taonani, filimu yawo yoyamba kupitirira 1 biliyoni naira m'masinema, ya Funke Akindele, inafika pamenepo kumayambiriro kwa 2024, ndipo ndalama imeneyo siikwana ngakhale madola 2 miliyoni.

Tsopano tibwere ku masheya. Mukagula sheya simugula filimu, mukugula kachidutswa ka kampani yonse, ndi ngongole zake zomwe. Njira zopezera ndalama ndi ziwiri basi, kampani ikugawireni dividendi kuchokera pa phindu, kapena mtengo wa sheya ukwere mugulitse kwa wina. Netflix dividendi siipereka. Disney inasiya kupereka mu 2020 nkudzayambiranso patatha zaka zoposa zitatu. Ndipo Disney imene mukuiganiza kuti ndi ya mafilimu, phindu lake lalikulu limachokera ku mapaki achisangalalo, mahotela ndi sitima zapamadzi zoyendetsa alendo, ilinso ndi kanema wa zamasewera wa ESPN, nde filimu yawo itha kugunda biliyoni sabata ino koma sheya nkutsika chifukwa anthu achepa ku mapaki kapena Disney+ yawo yoonetsa mafilimu pa intaneti yaluza ndalama, monga inkaluzira mabiliyoni zaka zake zoyambirira. Sheya ya Disney inafika cha m'ma madola 200 mu March 2021, pofika kumapeto kwa 2023 inali pansi pa 100, ana padziko lonse akuonerabe makatuni awo mmene ankaonera kale.

Chifukwa chake ndi choti mtengo wa sheya umayendera zimene anthu akuyembekezera mawa, osati zimene zachitika kale. Ngati aliyense akudziwa kuti filimu ikubwerayo idzagunda, zimenezo zalowa kale mu mtengo inu musanagule. Mu April 2022 Netflix inalengeza kuti olembetsa achepa ndi 200,000, kagawo kochepetsetsa pa anthu oposa 200 miliyoni, koma sheya inagwa ndi 35 peresenti tsiku limodzi chifukwa anthu anagula poganiza kuti kukula sikudzaima. Pambuyo pake kampani inaletsa zobwerekana pasiwedi, inayambitsa mtengo wotsika wokhala ndi zotsatsa malonda, sheya nkukweranso kupitirira pamene inali. Amene anagula ndi ndalama yoti akanatha kudikira anapeza bwino. Amene anagula ndi ndalama ya fizi anagulitsa pansi chifukwa sukulu siidikira.

Nkhani imene inakopa kwambiri anthu wamba ndi ya AMC, kampani yaikulu ya masinema ku America, ndipo ndiikhalira pang'ono chifukwa ndi imene anthu amaitchula akafuna kukuuzani kuti osauka angathe kugonjetsa olemera pa msika. Covid itatseka masinema mu 2020 kampaniyi inatsala pang'ono kugwa, ili ndi ngongole ya madola cha m'ma 5 biliyoni, ndipo kumayambiriro kwa January 2021 sheya inali pa madola awiri okha. Makampani akuluakulu oyendetsa ndalama anali atabetcha kuti igwa. Kubetcha kwake kumayenda motere, umabwereka sheya kwa wina nkuigulitsa lero, ukuyembekeza kuti mtengo utsika udzagule motchipa nkubweza kwa mwini wake, chotsalacho nkukhala chako, koma mtengo ukakwera m'malo motsika umakakamizika kugula modula kuti ubweze, ndipo kugula kwakoko kumakwezanso mtengo. Anthu wamba amene ankakumana pa tsamba la pa intaneti la Reddit anaona zimenezi, anali atachita kale ndi kampani ya magemu ya GameStop, nde anayamba kugula AMC mwaunyinji kudzera pa ma app a pafoni ngati Robinhood, akulimbikitsana kuti osagulitsa zivute zitani. Pofika pa 2 June 2021 sheya inakhudza madola 72. Ena analemeradi, amene analowa msanga nkutuluka msanga.

Koma akuluakulu a kampani sanagone, anaona kuti pali anthu ofuna kugula pa mtengo uliwonse nde anasindikiza masheya atsopano ambirimbiri nkuwagulitsa, kuchoka pa 100 miliyoni ndi kangachepe Covid isanabwere kufika oposa 500 miliyoni mu 2021. Kampani inapulumuka ndi ndalama za anthu wambawo, mpaka inawathokoza ndi mbuliwuli waulere ku sinema, koma kachidutswa ka munthu aliyense kanachepa, chifukwa ngati munali ndi sheya imodzi pa 100 ndiye pano muli ndi imodzi pa 500, kampani ndi yomweyo, mipando ya m'masinema sinawonjezeke. Mu 2023 anaphatikiza masheya khumi kukhala imodzi nkupitiriza kugulitsa ena, ndipo amene anagula pamwamba paja nkugwiritsitsa ataya zoposa 95 peresenti ya ndalama zawo. Chimene chimandiwawa pa nkhani imeneyi ndi choti ambiri anali anthu okonda sinema moona mtima, ankamva ngati akupulumutsa chinthu chawo, ndipo anachipulumutsadi, koma anachipulumutsira eni ngongole. Cineworld, kampani ya ku Britain imene inali yachiwiri kukula padziko lonse, inakadzipereka ku khoti mu September 2022 kuti yalephera ngongole, masinema ake ambiri anapitiriza kuonetsa mafilimu koma eni masheya sanapeze kanthu, chifukwa kampani ikagwa amayamba kulipidwa ndi amene anaikongoza, wa masheya amakhala kumapeto kwa mzere ndipo nthawi zambiri akamafika amapeza zatha.

Chitsanzo chapafupi ndi ife ndi MultiChoice, eni DStv ndi GOtv, amene analowa pa msika wa masheya wa ku Johannesburg mu 2019. Munthu ukaona madishi pa nyumba za pa Dedza boma ndi mmene anthu amadzazira koonetsera mpira Loweruka ungati kampani imeneyi singaluze. Koma mpira wa ku England ndi mafilimu akunja amagula pa madola pamene makasitomala amalipira ma kwacha, ma naira, ma rand, nde ndalama zimenezi zikagwa mphamvu kampani imakweza mitengo, ikakweza anthu amasiya kulipira kapena boma limalowererapo, monga tinaonera mu 2023 pamene anakokana ndi MACRA pa nkhani ya mitengo mpaka kulengeza kuti DStv ikuchoka m'Malawi, ngakhale pambuyo pake inabwerera. Mu 2024 inalengeza kuti yaluza mabiliyoni a ma rand, ndipo kampani ya ku France ya Canal+ inapereka mtengo wa R125 pa sheya nkudzaitenga mu 2025.

Nanga munthu wa kuno angagule bwanji? Pa Malawi Stock Exchange, imene inayamba malonda mu 1996 ndi NICO, pali mabanki, makampani a mafoni, Illovo, Press Corporation, mahotela, makampani a nyumba, koma kampani ya mafilimu palibe olo imodzi. Kuti mugule Netflix kapena Disney pafunika madola ndi broker wakunja, wogulira anthu masheya pa msika, ndipo kutulutsa ndalama m'dziko kuli ndi malamulo ake a Reserve Bank, pamwamba pa vuto la foreksi limene tonse tikulidziwa. Ndikumvetsa chifukwa chimene anthu amafunira zinthu za madola, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, munthu amene anasunga ndalama m'nyumba anadzuka itachepa mphamvu, nde maganizo ofuna kuthawira ku dola si opusa ayi. Koma mpata umenewu ndi umene akuba akulowerapo. Ma app ena amene amati mukugula masheya kwenikweni simugula sheya iliyonse, mukungobetcha kuti mtengo ukwera kapena utsika, nthawi zambiri ndi ndalama yobwereka mkati momwemo, moti mtengo ukangotsika pang'ono mpamba wanu wonse wapita. Ena ndiye ndi akuba enieni, amakulowetsani mu gulu la WhatsApp kapena Telegram lokhala ndi chizindikiro cha kampani yotchuka ya mafilimu, amati muzionera tizidutswa ta mafilimu nkumaika nyenyezi muzilandira ndalama tsiku lililonse, masiku oyamba amakupatsanidi kangachepe, kenako amati ikani ndalama yambiri mukwere VIP, bweretsani anzanu asanu, tsiku lina mudzuka app siikutseguka. Palibe kampani ya mafilimu imene imagulitsa masheya ake potumiza ndalama pa nambala ya foni ya munthu, ndipo palibe sheya yoona imene imalonjeza phindu la tsiku ndi tsiku. Chonde abale anga, ndalama ya ku banki mkhonde kapena yogulitsa nyemba musaiponye kumeneko. Broker weniweni wa m'Malawi muno amakhala ndi chiphaso cha Reserve Bank, ali ndi ofesi, amakufunsani chitupa cha unzika ndipo masheya amalembedwa m'dzina lanu.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu sachiona. Ndalama imene munthu wa ku Lizulu amawononga pa mafilimu, yambiri siipita ku Hollywood, imapita ku bandulo. Kuonera YouTube, TikTok, kudawunilodi masewero, zonsezo ndi data, ndipo makampani ogulitsa data, TNM imene inalowa pa msika mu 2008 ndi Airtel Malawi imene inalowa mu 2020 pa K12.69, ali pa msika wathu womwewu, ogulika ndi ma kwacha. Sindikukuuzani kuti thamangani kagulani, nawonso ali ndi mavuto awo, zipangizo amagula pa madola ndipo kwacha ikagwa amamva kuwawa, komanso masheya ambiri pa msika wathu akwera kale kwambiri zaka zapitazi moti wolowa lero sakugula pa mtengo wa 2020. Koma ndi makampani oti malipoti awo a chuma amatuluka m'nyuzi zathu, mutha kuwawerenga nokha, nkuona kuti ngongole ndi yochuluka bwanji ndipo ndi ya madola kapena ya ma kwacha, phindu likuchokera mbali iti, dividendi amapereka kapena ayi, chiwerengero cha masheya chikukwera kapena chili pomwepo. Mafunso omwewa ndi amene mungafunse pa Disney kapena AMC, ndipo ngati simungathe kuwayankha ndiye kuti kampaniyo simunaidziwe, mukungodziwa mafilimu ake.

Ena amati bwanji osangoika ndalama mu filimu ya konkuno, anyamata athu ali ndi kamera, nkhani zilipo, malo okongola ndiye osanena, phiri la Dedza, Chongoni, zigwa za ku Ntcheu. Ine maganizo amenewa ndimawakonda kuposa a Netflix, chifukwa ndalamayo imazungulira konkuno, wosoka zovala, wophika, wa kabaza wonyamula zipangizo onse apezapo. Koma muzilowa mukudziwa kuti filimu imodzi ndi chinthu choopsa kuposa sheya ina iliyonse, makampani akuluakulu amapulumuka chifukwa amapanga mafilimu ambiri pachaka, awiri atatu ogunda nkukwirira oluza onse, pamene inu mwaika pa imodzi yokha. Musanapereke ndalama funsani kuti filimuyi idzagulitsidwa kuti, holo yake iti, matikiti angati pa mtengo wanji, pali TV kapena kampani imene yavomera kale polemba, ndipo bajeti yotsatsira ilipo kapena ndalama yonse ithera pa kujambula. Mulemberane pa pepala pamaso pa mboni kuti ufulu wa filimu ndi wa ndani, chanelo ya YouTube ili m'dzina la ndani ndipo pasiwedi akusunga ndani, komanso kuti gawo lanu likuchokera pa ndalama yolowa pakhomo kapena pa yotsala atachotsa zonse. Ngati ndi pa yotsala, zochotsedwazo zilembedwe chimodzichimodzi ndi malire ake, ndipo tsiku lokhazikitsa filimu mu holo pakhale munthu wanu pakhomo wowerenga nawo matikiti.